Pulagi Yachinayi

"Tembenuzaninso kiyi, bambo," anatero makaniko, mutu uli m'boneti.

Bambo ake anatembenuza. Injini inakhosomola kawiri ngati nkhalamba ya chifuwa, kenako zii. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda mayi a pakhomopo, ndipo mipando yobwereka inali ikadali mulu pakhonde. Alendo anali atabalalika. Panatsala atatu okha: mdala mwini nyumba, mwana wake wamwamuna yemwe anali makaniko kutauni, ndi mwana wamkazi, namwino, yemwe anaima pakhomo atapinda manja.

Pikapuyo inali itatha miyezi isanu ndi iwiri pansi pa mtengo osasuntha, mpaka nkhuku zinayamba kuikira mazira kumbuyo kwake. Kwa zaka makumi atatu inanyamula mchenga, njerwa ndi katundu wa anthu osamuka, ndipo ndi yomwe inaphunzitsa ana awiriwo sukulu. Tsopano mdala ankafuna idzuke Lolemba lisanafike, ayambirenso ntchito.

"Achimwene, mukuikonzeranji?" namwino anafunsa chapansipansi atasendera pafupi. "Maso awo mukuwadziwa. Ng'ala yagwira onse awiri. Dzulo anandipatsa moni ngati mlendo."

"Ndamva zimenezo," anatero bambo ali pachiwongolero. "Maso ndiye akuthadi, koma makutu ali bwinobwino. Msewu uno ndauyenda inu musanabadwe. Mukufuna ndikakhale m'kachipinda kanu kutauni, ndizikawerenga ntchentche? Amayi anu apita. Mukandilandanso galimoto, bola mukanangokumba dzenje lalikulu tilowemo tonse."

Makaniko anaweramiranso pa injini. Iyeyu anali munthu wa "inde bambo" kuyambira ali wa makabudula, ndipo ndevu sizinamusinthe. Ankadziwa kuti mlongo wake akunena zoona. Ankadziwanso kuti galimotoyo aikonza basi. Batire anali atabweretsa yatsopano, petulo ankafika, mawaya analibe vuto. Anatenga sipanala yaitali n'kumasula pulagi yoyamba.

Kunsonga kwa pulagi kumakhala kachitsulo kopindika, ndipo pansi pake pamatsala kampata kopyapyala ngati chikhadabo. Moto umalumpha pampatapo n'kuyatsa petulo. Pulagi ikamakalamba, mpatawo umakula, sumachepa ayi. Koma iyi inalibe mpata n'komwe. Kachitsuloko kanali katakanikizidwa mpaka kugunda.

Anamasula yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu, yachinayi. Anaziyala pansanza n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Awa si matenda a injini," anatero. "Awa ndi manja a munthu."

Namwino anaweramitsa mutu.

"Iwe, ukudziwapo kanthu?" makaniko anamufunsa.

Bambo anali atatsika kale, atagwirira chitseko. Namwino anaona kuti pothawira panalibe.

"Tsiku lija munagunda geti ya pasukulu ana akuweruka," anatero akuyang'ana bambo ake, "amayi anali nanu kutsogolo. Anaona mwana akudziponya m'ngalande. Inu simunamuone. M'mawa mwake mutapita kukapepesa kwa aphunzitsi, iwo anatsegula boneti. Anandiuza pafoni, n'kundilumbiritsa kuti ndisaulule."

Apa makaniko anakumbukira. Katatu konse anaimba foni kuti abwere adzaione galimotoyo, ndipo katatu konse mayi ake anati, "Usavutike mwanangu, ntchito yakuchulukira." Iye ankasangalala kuti amupeputsa ulendo. Motero miyezi isanu ndi iwiri inatha osaponda pakhomopo, ndipo atafika anapeza bokosi. Zinamupweteka kuposa tsiku la maliro.

"Miyezi isanu ndi iwiri!" anatero bambo. "M'mawa uliwonse ine m'galimoto muno, kutembenuza kiyi ngati chitsiru, iwo ali pazenera apo, 'Mwina mawa, bambo a ana.' Mkazi wanga kundipusitsa chonchi, ine n'kumatukwana injini yosalakwa!"

"Akanabisa kiyi, mukanakadulitsa ina. Akanakuuzani pamaso, mukanamva? Inuyo?" Namwino anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Anati bola anthu azinena kuti galimoto yatha, kusiyana n'kumati mwini wake watha."

Bambo anatembenukira komwe kunali mwana wawo wamwamuna.

"Konza."

"Bambo..."

"Ndati konza. Ndinakulipirira sukulu ya zimenezi."

Makaniko anatulutsa m'thumba tizitsulo take toyezera, topyapyala, tomangidwa pamodzi ngati mpeni wopinda. Anasankha koyenera injiniyo. Anatukula kachitsulo ka pulagi pang'onopang'ono, n'kulowetsa koyezerako. Kanadutsa mophweka kwambiri, ndiye kuti wapitirira. Anagogoda pang'ono pasipanala, n'kuyesanso mpaka kanadutsa kakukhula pang'ono chabe. Anailowetsa pulagiyo m'malo mwake ndi zala, kenako anamanga ndi sipanala. Ntchito imeneyi ankaichita ngakhale akucheza za mpira, koma lero inamutengera nthawi.

"Mwana wa munthu akadzagona pamsewu, mudzamuyezanso ndi tizitsulo tanuto?" anatero namwino.

Iye anangotenga yachiwiri. Anaitsegula, kuiyeza, kuimanga. Yachitatu chimodzimodzi. Thukuta linkadontha pa injini. Atawerama kuti atole yachinayi, bambo anatambasula dzanja.

"Bwera nayo kuno."

Anaiyandikiza kumaso, pafupi kwambiri mpaka inakhudza nsidze, koma sanaone kanthu. Ndiye anayamba kuipapasa ndi chala chachikulu. Anapapasa chadothi choyera cha pulagiyo, anatsata mazinga onse, anafika kunsonga pomwe zitsulo ziwirizo zinagundana, n'kuimitsa chala pomwepo.

"Pomasula paja, zinali zothina bwanji?" anafunsa.

"Mulingo wake weniweni, bambo. Osathina kwambiri, osakhwepa."

"Mawaya?"

"Onse m'malo mwake."

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Chaka choyamba cha ukwati tinalibe wothandiza. Amayi anu ndinawaphunzitsa ndine kumasula pulagi. Ankaopa kuswa chadothichi, ankagwira ngati dzira." Anaitembenuza pulagiyo m'manja. "Taona, ngakhale mng'alu palibe. Akanatha kungodula waya, kapena kuthira mchenga m'thanki zithe. Koma sanafune kuipweteka galimoto yanga."

Makaniko anaima dzanja lili m'malere, kudikira kuti amubwezere pulagiyo. Bambo anatulutsa kampango, anaikulunga bwinobwino, n'kuiika m'thumba la pachifuwa. Anayamba kuyenda chakunyumba, dzanja likutsata thupi la pikapuyo mpaka kumbuyo, kenako likufufuza khoma. Namwino anafuna kuwagwira mkono, koma anadziletsa.

Atafika pakhonde anaima, osacheuka.

"Pabowo patsalapo utsekepo ndi kansanza," anatero. "Fumbi lingalowe."