Makapu Awiri a Lachinayi

Kwa milungu itatu, Lachinayi linkadutsa popanda wogogoda pakhomo pa atelala. Makapu awiri ankakhala patebulo mpaka tiyi kuzizira. Chimwalirireni akazi awo, mlendo wawo anali mmodzi yekha, mtsikana wophunzira udokotala amene Lachinayi lililonse ankayenda m'makomo ndi anzake kuyeza anthu kuthamanga kwa magazi. Anzakewo ankangoyeza n'kumapita, koma iye ankakhala pansi n'kumwa tiyi.

Kalata yowaitanira ku mwambo wosonkha ndalama zothandizira ophunzirawo inali idakali pansi pa mashini osokera. Atelala ankafuna kupita, koma alamu awo anawagwetsa mphwayi.

"Alamu, kumeneko amatchula dzina lanu ndi zimene mwapereka pa chinkuzamawu. Mukufuna mukasekedwe? Zimenezo n'za eni magalimoto."

Atelala anali munthu wamanyazi, choncho sanapite. Oganiza ngati iwo anali ambiri, mipando inangokhala yokha, ndipo galimoto ya ophunzira inasowa mafuta.

M'mawa wina chizungulire chinawagwetsa pafupi ndi mashini awo. Anagona pasimenti mpaka masana, akumva anthu akudutsa panja akuseka. Panalibe amene anadziwa, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa mutu. Anawapeza ndi alamu omwewo, amene anabwera kudzabwereka lumo.

Kuchipatala, namwino wachikulire anawafunsa kuti mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi anatha liti.

"Padutsa milungu iwiri, amayi. Ankandikumbutsa ndi mwana uja. Kodi wandiiwala?"

"Sanakuiwaleni, bambo, alibe chokwera. Loweruka la kumapeto kwa mwezi tikusonkhanso. Ngati mukudandaula za ndalama, kodi anakuuzani ndani kuti kupereka ndi ndalama zokha? Ophunzira ena alibe jekete yoyera, ndiye saloledwa kulowa m'mawodi. Nsalu ilipo, anapereka a sitolo, koma wosoka ndiye palibe."

Atachira, atelala anathira mafuta mashini aja. Anasoka majekete khumi ndi awiri. Yoyamba anaisoka mosamala poyerekeza msinkhu wa mtsikana uja, pakuti maso a telala saiwala mapewa a munthu. Loweruka lija anapita nawo atawakulunga m'pepala. Palibe amene anawaseka. Mayi wina anabweretsa nkhuku, wina matsache, ndipo alamu aja, poona anthu, anadzipeza akunyamula mipando.

Lachinayi lotsatira chitseko chinagogodedwa. Atelala anatsegula mtima uli m'malere, koma pakhomo panaima mnyamata wamtali, manja a jekete yake akulekezera m'zigongono.

"Agogo, mnzanga uja anamaliza maphunziro, amutumiza ku chipatala chakutali. Jekete yake wandisiyira. Wandiuza kuti ndisachoke pano musanandimwetse tiyi."

Atelala zinawawawa, sitinganame, chifukwa sanatsanzikane ndi mtsikana uja. Kenako anayang'ana manja a jekete aja n'kupukusa mutu.

"Vula, mwanangu, ukuoneka ngati walanda ya mng'ono wako. Khala apo ndikuyeze mapewa, iwe undiyeze magazi."

Anatenga ketulo n'kuthira tiyi m'makapu onse awiri.

Phunziro: Manyazi a chopereka chochepa amaimitsa ntchito yothandiza anthu ambiri, ife tomwe tili momwemo. Pothandiza ophunzira zaumoyo, perekani chimene manja anu angathe.