Katundu wa Malemu Agogo

Tsiku la ulendo anasankha ndi amayi. Ine ndinangolipira matikiti a sitima yapamadzi, monga mwana amene anapita kukagwira ntchito m'tauni, ndipo nditawafunsa pa foni kuti tinyamuke liti, sanachedwe kuyankha. Anati sabata yachiwiri adyo akatha kukumbidwa. Ndinaona kuti n'zomveka, chifukwa kwathu ku Uiseong munthu sachoka pakhomo adyo akadali m'munda.

Ndinapita kumudzi kukawathandiza kulongedza. Pabalaza ndinapeza masutikesi awiri atsopano ali yasa. Ya amayi inali itadzaza kale. Munali diresi lofiira limene anagula kalekale koma osalivalapo, chipewa chachikulu ngati lichero, mankhwala a chizungulire ndi nsapato zazidendene. Mu ya abambo munali malaya awiri ndi lumo lometera basi.

Azakhali a Geumsun, achemwali awo a abambo, analinso pa ulendowo. Anaferedwa amuna awo kalekale ndipo amakhala nyumba yoyandikana nafe, ndiye kuwasiya kukanakhala kuputa mlandu wa chaka chathunthu. Madzulo amenewo anaima pa kalendala ya pakhoma, n'kumawerenga timanambala tija timalembedwa m'munsi, towerenga masiku potsata mwezi wakumwamba.

"Mansik," anatero osacheuka, "tsiku la atate ukalichitira pamadzi?"

Abambo anavala magalasi n'kuyendetsa chala pa kalendalapo. Chalacho chinaima. Jesa ya agogo, tsiku limene banja limayala chakudya kuti malemu abwere kudzadya, inali kugwa pa tsiku lachiwiri la ulendo.

"Amake Dallae, munadziwa zimenezi?" anafunsa abambo atatembenukira kwa amayi.

Amayi anali kupinda thaulo. Analipinda mpaka kumaliza.

"Ndi atate anu. Ine ndimangowaphikira."

Chilowereni m'banja muno amayi sanaphonyepo jesa ndi imodzi yomwe. Ankayamba dzulo lake, atakhala pa kampando pafupi ndi chiwaya, kukazinga zitumbuwa za nsomba, za nyama ndi za maungu mpaka tsitsi lonse kununkha mafuta. Abambo ntchito yawo inali kuvala jekete yakuda, kugwada, ndi kudya. Azakhali ankabwera kudzalawa mchere.

"Ndiye sitipita," anatero abambo.

"Inu simupita. Ine ndikupita." Amayi analankhula mofatsa ngati akunena za mvula. "Ndikufuna ndikhale pansi, munthu wina andibweretsere mbale. Kamodzi kokha, ndisanakhale ine wapachithunzi."

Azakhali, amene anali atapotetsa kale tsitsi lawo chifukwa cha ulendowu, anaona kuti zinthu ziwaipira.

"Tingowatenga atatewo," anatero. "Anthu masiku ano akuchitira jesa m'mahotela. Mzimu safunsa pasipoti."

"Atate ankasanza ngakhale m'basi ya kumsika, achemwali."

"Anali ndi chifu nthawi imeneyo. Pano asanza chiyani?"

Kulongedza kunayambira pamenepo. Abambo anatsitsa bokosi la pamwamba pa kabati n'kuyamba kukulunga mbale zamkuwa m'manyuzipepala. Anaika zoikapo makandulo, makandulo ake, lubani, botolo la mowa wa mpunga, nsomba youma, maapozi aakulu, ndi kampeni kodulira maapoziwo pamwamba kuti malemu asavutike ndi kusenda. Chithunzi cha agogo anachikulunga m'makabudula awo am'kati kuti galasi lisasweke. Sutikesi inakana kutseka. Anachotsa malaya amodzi, inakanabe. Anachotsa enawo.

Azakhali anayamba kuzungulira sutikesi ya amayi ngati khwangwala pa nkhokwe.

"Mlamu, chipewa ichi chikudya malo a mkeka wogwadira."

Amayi anatseka sutikesi yawo, n'kuikhalira, n'kuyamba kusenda lalanje. Azakhali anafuna kuti tinyamulenso chotchinga chamatabwa chija chimaimikidwa kuseri kwa tebulo la malemu, chotalika kuposa ine, koma ndinawauza kuti akachinyamula adzagona nacho bedi limodzi.

M'mawa mwake abambo anati tikwere kuphiri, kumanda a agogo, tikawadziwitse eni ake. Anazula udzu pang'ono pa mtumbira, anathira mowa, n'kuima manja ali kutsogolo.

"Atate, chaka chino musapite kunyumba, mukapeza loko. Mubwere ku Busan, ku doko. Sitima yake ndi yoyera, yaikulu, simungaiphonye." Anatembenukira kwa ine. "Dallae, nambala ya chipinda."

Ndinawanong'oneza, iwo n'kuibwereza mokweza, pang'onopang'ono, chifukwa agogo anali ogontha khutu limodzi.

"Musalowe kwa eni ake. Chipindacho chilibe windo, koma walipira ndi mwana, ndiye musadandaule."

Ku doko katundu yense amadutsa m'makina oonera za m'kati. Sutikesi ya amayi inadutsa, ya azakhali inadutsa, yanga inadutsa. Ya abambo inabwezedwa, ndipo mtsikana wa yunifolomu anawapempha mwaulemu kuti atsegule. Anayamba kuika pambali makandulo, lubani, kampeni, botolo, ndi maapozi.

"Moto, mipeni, mowa ndi zipatso siziloledwa kulowa, bambo."

"Si zanga, mwana wanga. Ndi za atate."

"Atate anuwo ali kuti?"

Abambo anasolola chithunzi, makabudula n'kugwera pa tebulo anthu onse akuona. Mtsikana uja anayang'ana nkhope ya agogo, anawerama mozama monga mwana woleredwa bwino, kenaka anatenga makandulo aja n'kuwaponya m'bokosi la zolandidwa.

Tinatsala ndi mbale zamkuwa, supuni, timitengo todyera, chithunzi ndi nsomba youma, imene inapulumuka chifukwa inali m'pepala lomata la kusitolo. Abambo anaimirira sutikesi ili pululu.

"Tingobwerera. Munthu sungaitane atate ako kudzawaonetsa mbale zopanda kanthu."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna amayi. Anali atadutsa kale. Chipewa chawo chinali kukwera mlatho wolowera m'sitima, ndipo sichinacheuke. Abambo anachiyang'ana mpaka chinalowa. Kenaka anatola makabudula awo n'kutseka sutikesi.

Tsiku loyamba amayi anakhumudwa. Holo yodyera inali yaikulu ngati msika, zakudya zili ndandanda, koma aliyense ankatenga mbale n'kudzipakulira yekha. Anaima ndi mbale m'manja kwa kanthawi.

"Ndiye kuti ndasiya nyumba yanga kudzadzipakulira pamadzi," anatero, n'kupakulanso ya abambo mwachizolowezi. Atazindikira zimene achita, anaiika pa tebulo mwamphamvu pang'ono.

Tsiku la jesa, dzuwa likupendeka, abambo anapita okha ku holo ija ndi mbale zamkuwa m'thumba. Ndinawatsatira kuti asasochere. Chakudya cha malemu sichilowa adyo kapena tsabola, chifukwa mizimu imathawa fungo lake, ndipo abambo, amene alima adyo moyo wawo wonse, sankadziwa kuti adyoyo amathera mu ndiwo ziti. Ankawerama pa chiwaya chilichonse n'kununkhiza, anthu a pamzere akudikira. Pomaliza anatenga mpunga, msuzi woyera, nthochi, tchipisi ndi keke. Azakhali anapita kumene amagulitsa zakumwa kukafuna mowa wa mpunga, n'kubwerako ndi tambula ya zobiriwira muli kaambulera ka pepala.

"Ndawauza kuti ndi wa munthu wamkulu, ndiye andipatsa wodula," anatero.

Tinayala zonse pa katebulo ka m'chipinda cha abambo ndi amayi. Chithunzi tinachitsamiritsa pa wailesi yakanema. M'malo mwa makandulo tinaimika foni yanga ndi ya azakhali, titayatsa tochi. Lubani panalibe, koma azakhali anali atapaka mafuta awo a m'mawondo, ndipo abambo anati fungo limenelo atate alizindikira.

Amayi anatuluka m'bafa atavala diresi lofiira. Anaima patsogolo pa chithunzi n'kuwerama.

"Apongozi, mudye bwino. Lero wophika ndi mwana wanu. Madandaulo mupereke kwa iyeyo."

Anatuluka, zidendene zikulira m'kanjira ka pakati pa zipinda.

"Zofiira pa tsiku la atate," anang'ung'udza azakhali. "Koma lamukhala."

Chitseko chiyenera kukhala chotsegula kuti malemu alowe, koma cha m'sitima chimadzitseka chokha, ndiye abambo anachipinga ndi nsapato yawo. Anagwada. Malo anali ochepa moti akagunditsa mphumi pansi, matako ankakankha bedi. Anapereka tambula ija ndi manja awiri, ataichotsa kaambulera, kenaka anaganiza n'kukabwezera. Sitima inkagwedezeka pang'ono, msuzi n'kumayenda m'mbale ngati pali woulawa.

Itakwana nthawi yoti malemu adye, abambo anazika supuni mu mpunga n'kusanjika timitengo pa nsomba. Pamenepa amoyo onse amatuluka n'kutseka chitseko, chifukwa palibe munthu amakonda kudya akumuyang'ana m'kamwa. Tinatuluka ndi masokosi okha. Abambo anachotsa nsapato ija, anaiika m'kati bwinobwino pafupi ndi inzake, n'kukoka chitseko. Chinalira kuti khethe.

Tinaima m'kanjiramo mitu ili pansi. Banja lina lochokera kosambira linatilambalala madzi akudontha. Patapita nthawi abambo anakhosomola katatu, kuwachenjeza atate awo kuti tikulowa, n'kugwira chogwirira. Sichinatembenuke. Anakhosomolanso, ngati kuti vuto linali pamenepo.

"Abambo, kadi yotsegulira ili kuti?"

"Pa tebulo. Pafupi ndi mpunga."

"Gogoda," anatero azakhali. "Mwina atsegula."

"Achemwali."

"Nanga? Ali m'katimo ndi iwowo."

Ndinati ndikaitane wantchito wa m'sitima, ali ndi kadi yotsegula zipinda zonse. Abambo anapukusa mutu. Mlendo sangatsegulire atate chitseko ali pakudya, anatero, komanso sangayambe ndi munthu wosawadziwa kuona mpunga umene atate asiya. Kuimba foni sikukanatheka, mafoni anali pa ntchito ya makandulo. Kadi ina ya chipindacho inali imodzi yokha, ndipo tonse tinkadziwa kumene ili.

Tinakwera masitepe ndi masokosi athu, abambo patsogolo mu jekete yakuda. Sokosi yawo ya kumanja inali yobooka pa chala chachikulu. Amayi tinawapeza m'holo yodyera, pa tebulo la pawindo, nyanja ili mbuu kuseri kwawo. Patsogolo pawo panali mbale yoyera, yosapakulidwamo kanthu, ndi tambula ya madzi.

Abambo anaima ngati mwana wotumidwa kukapempha moto.

"Amake Dallae, kadi."

"Yanu ili kuti?"

"Ili ndi atate."

Amayi anayang'ana nkhope ya abambo, kenaka mapazi awo, kenaka mapazi a azakhali. Pakamwa pawo panagwedera pang'ono koma anadzigwira.

"Khalani pansi."

"Atate atsekeredwa m'chipinda."

"Ndiye athawira kuti? Chaka ndi chaka mumawatsegulira asanafike n'pa nsomba pomwe, chifukwa njala imakhala yakupwetekani inuyo. Alekeni adye mwaufulu. Nawonso ali pa tchuthi."

"Mlamu, batire ya foni yanga itha," anatero azakhali.

"Ikatha adya mumdima, alamu. Pakamwa sasochera."

Azakhali anakoka mpando n'kukhala, n'kubisa mapazi pansi pa tebulo. Inenso ndinakhala. Abambo anatsala chiimire, akuyang'ana kachikwama ka amayi kamene kanali pamiyendo pawo, manja onse awiri ali pamwamba pake.

"Simunadye?" anafunsa.

"Ayi."

"Chakudya chili apo chambirimbiri."

"Ndachiona."

Amayi anangokankha mbale ija ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, mpaka inafika m'mphepete mwa tebulo, mbali imene abambo anaima. Abambo anaiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana azakhali, koma azakhali anali atapeza chinthu chosangalatsa kwambiri panyanja. Anaitenga ndi manja awiri, monga anatengera tambula ya atate awo.

"Ndikupakulireni chiyani?"

"Muone nokha. Mwakhala nane zaka zambiri."

Anapita, chala chikusuzumira pa sokosi. Tinawaona akuima pa chiwaya choyamba, akuwerama mwachizolowezi chatsopano kuti anunkhize, kenaka akukumbukira kuti uyu ndi wamoyo, adyo samuopa. Anachedwa kwambiri. Anabwera ndi nkhanu, nyama yootcha ndi mulu wa tsabola pambali, msuzi ukudontha m'mphepete mwa mbale mpaka pa jekete. Anaika patsogolo pa amayi n'kusanjika timitengo pambali pake.

Amayi analawa nkhanu, anatafuna mosafulumira, maso ali pawindo.

"Madzi atha," anatero.

Abambo ananyamula tambula n'kubwerera.