Makutu a Malume Tino

...ayi guyz dikirani, nkhani ya chipilala chija simukuidziwa kkkk. Tauni yathu inagwirizana zomanga chikumbutso cha malume anga a Tino, omwe anafera ku nkhondo ya kuzilumba za Malvinas akadali mnyamata. Banja lililonse linabweretsa njerwa, a Hilario amisiri n'kuyamba kuumba msilikali wasimenti. Vuto linali nkhope. Chithunzi cha malume chinapita ndi madzi osefukira, ndipo agogo a Eulogia ankadandaula kuti ayamba kumuiwala mwana wawo.

A Hilario atafunsa kuti ankaoneka bwanji, agogo anangondikoka khutu. "Makutu ndi awa, otambalala ngati zitseko za basi." Ine!! Makutu omwewa amene amandiseka nawo kusukulu! Ndinkakhala pa ndowa masana onse, tsitsi nditamanga, a Hilario akundiyeza ndi chingwe kkkk.

Dzulo anavundukula nsalu imene inaphimba chipilalacho. Agogo anayandikira, anasisita khutu lasimenti lija, kenako anavula sikafu yawo n'kumukulunga m'khosi. "Kuzilumba kuja kunkazizira, mwananga."

Ndinalira mpaka mamina. Nditamuuza mnzanga Milagros, anangoti: "Iwe, ndiye makutu akowo tiziwaikira maluwa chaka chilichonse? Chabwino, ndasiya kuwaseka."