Sizasi Idikire Agogo

Moeroa atalowa m'nyumba anapeza mwamuna wake Teokotai wakhazika mwana wawo Ngametua pampando, sizasi ili m'manja.

"Bambo a Ngametua, mwapenga? Ikani pansi chimenecho!"

"Nanga nditani ine? Aphunzitsi aakulu anena kuti Lolemba abwere atameta, apo ayi asadzapondenso pasukulupo."

Tsitsi la mwanayo linali lisanaonepo sizasi chibadwire. Kwawo ku chilumba cha Aitutaki mwana wamwamuna amametedwa koyamba pamwambo, abale onse atasonkhana, aliyense n'kudula kachingwe kake ka tsitsilo. Woyenera kuyamba anali bambo ake a Moeroa, amene anali chigonere kuchilumbako chifukwa cha chifuwa. Tsiku lililonse akaimba foni funso linali lomwelo: "Tsitsi la mdzukulu wanga lilipo?"

Teokotai anali munthu wabwino, wamphamvu zonyamula ng'ombe yosenda kuntchito kwake, koma akangoona munthu wovala tayi mawu ankamuthera pakhosi.

"Ife kuno ku Logan ndife obwera, mayi," anatero. "Malamulo a ku Australia ndi a eni dziko. Ukachita makani angakupakiritse katundu."

Mayi Sialei a nyumba yoyandikana, amene ankagwira ntchito ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo mwaulere, anali kuyanika zovala. Atamva mkanganowo anasuzumira pampanda.

"Achimwene, thupi lonseli mantha okhaokha? Safunsa anadya phula. Wakuuzani ndani kuti lamulo limayang'ana pasipoti?"

"Si choncho kodi, achemwali?"

"Ayi ndithu. Kuno muli ndi zitseko ziwiri. Boma la chigawo chino cha Queensland lili ndi lamulo loletsa tsankho, boma la dziko lonse lilinso ndi lake. Onsewa amateteza aliyense wokhala muno, nzika kapena wobwera."

"Koma akuti lamulo la tsitsi ndi la ana onse mofanana," anatero Moeroa.

"Lingaoneke lofanana, koma ngati likupsinja mtundu umodzi popanda chifukwa chomveka, likhoza kukhala tsankho. Yambani mwakalankhula ndi aphunzitsiwo mwaulemu. Akakana, kadandauleni ku bungwe loona za ufulu wa anthu. Salipiritsa."

Lolemba Moeroa ndi Teokotai anapita kusukulu kuja. Mayi Whitlock, mkulu wa sukuluyo, anawalandira bwino koma anakanitsitsa, nati akalola mmodzi mawa abwera khumi. Moeroa anatuluka misozi ili chuchuchu. Komabe sizasi inakhalabe m'kabati, ndipo madzulo ake anakapereka dandaulo lawo mothandizidwa ndi Mayi Sialei.

Bungwelo linaitana mbali zonse kuti zikhale pansi. Aliyense ankadikira kuti alankhule ndi Moeroa, koma amene anaimirira ndi Teokotai, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, mwana wangayu si wamwano ayi. Tsitsi limeneli si lake yekha, ndi la agogo ake, azakhali ake, tonsefe. Ine ndikalidula ndekha m'khitchini, apongozi anga ndidzawayang'ana ndi maso ati?"

"Ine ndimayesa ndi fasho chabe," anavomera Mayi Whitlock. Anagwirizana kuti Ngametua azimanga tsitsi lake bwinobwino kumbuyo mpaka tsiku la mwambo.

Chaka chotsatira agogo aja anapeza bwino n'kukwera ndege. Holo ya tchalitchi inadzaza, fungo la nkhumba yowotcha pamiyala lili ponseponse. Ngametua anakhala pampando woyalidwa nsalu zosokedwa ndi azakhali ake, tsitsi litagawidwa tizingwe, kalikonse ndi kariboni kake. Nkhalamba ija inadula koyamba n'kupsompsona tsitsilo ikulira. Woitana maina atafika pakati anafuula, "Mayi Whitlock!" Mayiwo anadzuka mwamanyazi n'kukadula kachingwe kawo, anthu akuimba nthungululu.

Teokotai atapatsidwa mpata wothokoza anati, "Abale anga, ine ndinatsala pang'ono kuwononga tsiku lino ndi manja angawa chifukwa cha mantha. Lamulo la dziko lino limatetezanso ife ndi miyambo yathu. Wina akakuuzani kuti musiye chikhalidwe chanu, musathamangire sizasi. Yambani mwafunsa, dziwani ufulu wanu, ndipo kaulankhuleni mwaulemu."

"Mwamumva wamantha uja?" anatero Mayi Sialei mokweza, akugwedeza Moeroa ndi chigongono. Holo yonse inafa nalo phwete.