Chala cha Akapitawo

Mayi Zilembo anali kukonza mipando m'chipinda chophunziramo pamene foni inanjenjemera m'thumba mwake. Anali mlongo wake, woyendetsa lole ya mchenga. Anatumiza kakanema, pansi pake n'kulemba kuti, "Seka nawo, chemwali. Kodi ku sukulu kwanu kwa anthu a imvi kuja mumachita zimenezi?"

Anakatsegula ali chiimire. Nkhope sinaoneke. Panaoneka tebulo lokha, timakadi ta zilembo, ndi dzanja lalikulu lokhakhala lomwe chala chake cholozera chinali chodukira pakati. Mawu a bambo wachikulire anali kulimbana ndi liwu limodzi: "Nje... nje... nje..." Wina anadula pamenepo, n'kupabwereza kasanu, kenaka n'kuikapo kulira kwa mbuzi.

Mayi Zilembo anakhala pansi. Tebulolo linali lomwe analitsamira. Timakadito anadula yekha ku makatoni a sopo, ndipo ndi tomwe tinamupatsa dzina lakuti Mayi Zilembo. Dzanjalo linali la Akapitawo.

Bambowa anamanga nyumba kwa zaka makumi atatu, ndipo anali kuyang'anira amisiri oposa makumi awiri. Khoma ankangoliyang'ana n'kunena kuchuluka kwa njerwa zake, koma kuwerenga sankadziwa. Pepala likabwera ankasisita m'matumba, n'kunena kuti magalasi aiwala kunyumba. Zinawathina pamene mwini ntchito anayamba kutumiza malangizo onse pa foni. Ndiye anabwera ku sukulu ya akuluakulu, katatu pa sabata akaweruka, anyamata awo a kuntchito akuganiza kuti amapita kukapimitsa magazi. Tsiku loyamba anatsalira anzawo atatuluka, chipewa chili m'manja, napempha kuti zochitika m'chipindamo zizithera momwemo. Mayi Zilembo analonjeza.

Aphunzitsi a masukulu oterewa anali ndi gulu lawo pa foni, momwe ankagawana zophunzitsira: mapepala a masamu, nyimbo za zilembo, makanema. Mkulu wawo ankatchedwa a Tumizani, poti chilichonse chimene waona, ngakhale chojambula pa bolodi, ankati chitumizidwe ku gulu. Mayi Zilembo anapindula nazo kwambiri, koma iye anali asanaponyepo kanthu.

"Mayi, inu kumangokolola m'minda ya anzanu?" anatero a Tumizani pa msonkhano, anthu n'kuseka. "Mutu umodzi susenza denga. Tionetseni timakadi tanuto."

Choncho Mayi Zilembo anapempha Akapitawo, amene anali kugwira msanga kuposa onse, kuti awajambule akuwerenga. Anawatsimikizira kuti nkhope sioneka, ndipo oonera ndi aphunzitsi okhaokha. Iwo anati, "Odziwa ndinu, aphunzitsi." Kanemayo anali wa mphindi zisanu ndi zitatu. Pa gulu anamuyamikira sabata yonse, ndipo kunena zoona, iye anagona mtima uli mbee. Za chala chija sanaganizeko n'komwe.

Tsopano anaimbira mlongo wake, kumufunsa komwe anakatenga. Iye anati anakapeza pa gulu la madalaivala. Wotumizayo anakatenga kwa wogulitsa simenti, wogulitsa simentiyo kwa mlamu wake, ndipo kupitirira apo sankadziwa. Atamva mawu a mchemwali wake analeka kuseka, nanena kuti afufuta. Anaonjeza motsitsa mawu kuti kokatsitsa mchenga m'mawa uja anapeza aliyense ali nako.

A Tumizani anayankha foni ali pa msewu. Anadandaula ndithu, nalonjeza kuchotsa kanemayo pa gulu. Koma anati anali atamuika kale mosungira maphunziro pa intaneti, momwe aphunzitsi a madera ena amatapamo, ndipo anthu oposa mazana atatu anali atamukopera m'mafoni mwawo. Mayi Zilembo anafunsa ngati pali njira yodziwira amene anadula. Anati palibe. Anafunsa ngati pali woti angamulembere kuti kachotsedwe konse.

"Mayi, madzi akatayika saoleka," anatero. "Tingophunzirapo."

Anthu ena amanena miyambi pofuna kutseka nkhani. Iye analembabe pa gulu, kupempha aliyense kuti afufute ndiponso kuti wolakwayo adziulule. Anthu makumi asanu anawerenga. Anayi anatumiza tizithunzi ta manja opemphera. Mmodzi anafunsa ngati angamutumizirenso kanema wathunthu uja asanachotsedwe, chifukwa ophunzira ake anamukonda.

Tsiku limenelo mpando wa Akapitawo unakhala wopanda munthu.

Mawa lake masana Mayi Zilembo anapita kumene Akapitawo ankamanga, nyumba yosanjikiza kuseri kwa msika. Asanalowe pa geti anamva mmisiri wina akukankha wilibala, akuimba motsatira kulira kwa tayala, "nje, nje, nje," anzake pamwamba akuvomera. Nyimboyo inazima mwadzidzidzi. Akapitawo anali atatulukira pa ngodya, chingwe choyezera chili paphewa.

Anamulonjera mwaulemu monga mwa masiku onse, namutengera kuseri kwa mulu wa njerwa, komwe anamuikira thumba la simenti lopanda kanthu kuti akhalire. Mawu onse amene Mayi Zilembo anakonza m'njira anabalalika. Anangoti wabwera kudzapepesa, kuti sanadziwe, kuti wayesa kulikonse.

Iwo sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anafotokoza pang'onopang'ono, akuyang'ana chala chawo, kuti chinadulidwa ndi makina osakanizira konkire anyamata omwewa akuona, ndiye panalibe woti n'kufunsa kuti dzanjalo ndi la yani. Mkamwini wawo, amene anamulowetsa ntchito okha, sankawayang'ananso m'maso. Mwini ntchito sananene zambiri. Anangouza kalaliki kuti kuyambira lero mauthenga azifikira kwa iye, ndipo Akapitawo aziuzidwa pakamwa.

"Zonsezo n'zopiririka," anatero. "Koma mwana wanga wamkazi, namwino uja, anandifunsa dzulo kuti, 'Bambo, nanga malipoti anga a kusukulu aja munkawayang'ana nthawi yaitali n'kumagwedeza mutu, munkaonapo chiyani?'"

Mayi Zilembo anayang'ana pansi. Anati angathe kumabwera kunyumba kwawo, kumawaphunzitsa paokha, popanda foni, popanda wina aliyense. Anawakumbutsa kuti anatsala pang'ono, kuti miyezi iwiri yokha bwenzi akuwerenga mauthenga awo okha.

"Khoma likang'aluka kuchokera ku maziko, pulasitala ndi bodza," anayankha. Analowa m'kanyumba kosungiramo zida, natuluka ndi buku la sukulu atalikuta bwinobwino ndi pepala la thumba la simenti. Anamupatsa ndi manja awiri. Akapitawo atatembenuka kuti azipita anaimanso.

"Kodi kumapeto kwa kanema uja, si ndinawerenga bwino?"

"Munawerenga chiganizo chonse, bambo. 'Njerwa zafika lero.' Osalakwitsa."

"Ndimakumbuka choncho." Anagwedeza mutu. "Pamenepo ndiye sanatumize."

Wina anawaitana kumwamba kuti akaone ngati mzere wawongoka, ndipo anakwera makwerero osacheuka.

Lachisanu, mwa ophunzira khumi ndi anayi munabwera asanu ndi atatu. Mwa abambo munatsala mmodzi, mlonda wa pa sitolo, amene anakhala pafupi ndi khomo ngati wodikira basi. Palibe anatchula za kanema. Koma Mayi Zilembo atatulutsa foni kuti aone nthawi, mayi wogulitsa zovala za kaunjika, amene nthawi zonse ankakhala kutsogolo ndi kuyankha asanafunsidwe, anabweza manja ake n'kuwabisa pansi pa tebulo.

Mayi Zilembo anaona. Anazimitsa foniyo onse akuona, naiika m'chikwama, chikwamacho n'kukachisiya pa khonde. Atabwerera analemba chiganizo pa bolodi, nafunsa amene angayambe kuwerenga. Wina anakhosomola. Anafunsanso, uku akumwetulira, natchula mayi wa kaunjika uja. Mayiyo anati mmero ukumuwawa.

Kenaka anatenga ndodo yolozera, nayamba kuwerenga yekha mokweza, liwu ndi liwu. Kumbuyo kwake milomo isanu ndi itatu inkayenda motsatira ndodoyo, koma mawu sanatuluke.