Ndime Ikatha, Mutu Utuluke

Boti la matanga linali pa nangula, chapatali ndi doko, kunsi kwake kutamera ndevu. Ndere ndi tinkhono tolimba ngati misomali zinali zitakuta mimba yake yonse, moti linkayenda mokwawa. Mwini wake anali atapita kumtunda kukagula zapaulendo. M'botimo munatsala a Katumbu, amene anthu a padoko anawapatsa dzinali chifukwa chokhalitsa pansi pa madzi, ndi akazi awo.

Mayiwo sankadziwa kusambira. Ntchito yawo inali kugwira chingwe chimene amuna awo ankamanga m'chiuno, ndiponso kuyimba. Anapangana kalekale, tsitsi lisanachite imvi, kuti bambo akamira, mayi aziyamba ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi, akumenya chidendene pathabwa kuti kugundako kuzimveka pansi. Ndime ikatha, mutu utuluke.

"Abambo, kodi adokotala aja anati chiyani?" anafunsa mayi, akuyang'ana amuna awo akumangirira padzanja chitsulo chopalira ndere.

"Anati ndichepetse mchere."

"Opani Mulungu. Anati mtima wanu watopa, musamirenso. Ndinalipo ine."

"Ndikatseka pakamwa, mcherewo usalowe," anatero a Katumbu akuseka. Anavala magalasi awo a m'madzi. "Mwini boti ndinamulonjeza kuti ndilipala kunsiku. Yambani, mayi."

Anamira. Mayi anayamba kuyimba, ndipo kupala kunamveka kudzera m'matabwa, kwee, kwee, ndere zikuyandama ngati masamba ofota. Koma nthawi iliyonse bambo akatuluka, mpweya unkawavuta kuposa poyamba. Ankagwira makwerero nthawi yaitali, maso ali kumbali.

Mayi anayamba kufulumiza nyimbo. Ankadumpha popumira, chidendene chikuthamanga, kuti ndime ithe msanga. Mumtima ankati, Ambuye, ngati uku n'kuba, mundikhululukire.

"Iii, mayi!" anatero a Katumbu atatuluka. "Nyimbo ya mgonero mukuithamangitsa ngati ya ukwati? Mwasiya mphika pamoto?"

"Milomo yanu yatuwa. Tulukani basi."

"Kwatsala kumbuyo kuno, pachopukusa madzi. Tinkhono tadzaza pamenepo. Muyimbe monga anailembera."

Anamiranso. Mayi ali pakati pa ndime, mphepo inatembenuka. Unyolo wa nangula unalira, boti n'kuyamba kuzungulira pang'onopang'ono. Chingwe chinakungika m'manja mwawo mpaka kuwotcha zikhatho. Kupala kunasiya.

Anamaliza ndime. Mutu sunatuluke.

Anakoka chingwe, koma chinali ngati chamangidwa kuthanthwe. Anapondera mwendo pachitsulo n'kukokanso. Mwadzidzidzi chinamasuka, ndipo iwo anagwa chagada. Anachikoka mofulumira, mkono pa mkono, mpaka nsonga yake inakwera m'boti. Inali yopanda munthu. Mfundo inali itamasulidwa.

"Abambo! Abambo inu!"

Madzi anali mbuu ndi ndere, osaoneka kanthu. Maboti ena anali kutali, mopanda anthu. Mayi anagwada m'mphepete, koma pemphero silinabwere m'dongosolo lake. "Yesu, mumadziwa njira za pansi pa nyanja. Ine sindizidziwa. Mundibwezere, ndi mmodzi yekhayu." Posadziwa chochita, anayamba kumenya thabwa ndi zibakera, kuti ngati munthuyo wasokera mumdima, amve kumene kuli kwawo.

Kumbuyo kwa boti kunamveka kutsokomola.

A Katumbu anali atakumbatira thabwa la chiwongolero m'madzimo, magalasi atagwera m'khosi. Mayi anagona chafufumimba, n'kuwagwira lamba. Sanadziwe kumene mphamvu zinachokera. Anawakokera pamakwerero, ndipo onse awiri anagwera pamatabwa.

Bambo ankapuma mwawefuwefu. Dzanja lawo linali litafinya pachifuwa.

"Chingwe chinakulunga pachopukusa," anatero pomaliza. "Ndinamasula. Kenako miyendo inakana, sindinadziwenso kumwamba n'kuti. Ndinangotsata kugogoda kwanu."

Mayi anawafunditsa nsalu, n'kuyamba kumasula kachingwe ka chopalira padzanja lawo. Ankayembekeza kuti akana. Bambo anangotambasula dzanjalo ngati mwana amene akumuchotsa minga.

"Kumbuyoko sikunathe," ananong'ona.

"Ndikamuuza ine mwini boti."

"Ayi. Ndimuuza ndekha. Aitane wina." Anayang'ana madzi, ndipo misozi inasakanikirana ndi madontho a pankhope. "Nanga pamtunda azikanditchula ndani, mayi? Munamuonapo katumbu wongokhala pakhonde?"

Mayi anaika chopalira pansi pa mwendo wawo n'kuchipsinja. Kudoko kunali kabwato ka mwini boti, kakubwera. Anaika khutu pamsana pa amuna awo kuti amve mtima uja. Unkagunda, kudumpha, n'kugundanso. Anayamba ndime ija kachiwiri, mwapansipansi, osadumpha popumira paliponse.