Tambala Amene Anasiya Mayi

M'mawa umenewo a telala anapezanso thadzi lina litafa pakona ya khola, khosi litapindikira kumbuyo. Tambala anali ataima pamtanda, chifuwa chili patsogolo, ngati sizikumukhudza. Atawerama kuti atole thadzilo, tambalayo anawalumphira n'kuwakanda pamkono mpaka magazi.

Nkhukuzo zinali za akazi awo, amene anamwalira chaka chathachi. Mayiwo ndi amene anatcha tambalayo kuti Kapitawo, chifukwa ankayendera bwalo lonse ngati amalandira malipiro. Iwo ali moyo khola linkadzaza, ndipo a telala ankangodziwa kudya mazira basi. Maliro atatha, abale anagawana nkhuku zambiri n'kusiya zowerengeka. Popita kukasoka pakhonde la sitolo, a telala ankazitsekera tsiku lonse poopa agalu. Akaweruka ankakoka mpando n'kukhala pafupi ndi waya. Nthawi zina ankayesa kuziitana mmene ankaitanira mayi, koma mawu sankatuluka chimodzimodzi, ndipo nkhukuzo zinkangowayang'ana ndi diso limodzi.

Mwana wawo wamkazi, yemwe anakwatiwa kutsidya kwa msewu, atafika n'kuona balalo sanafune kumva zambiri. Anawaonetsa misana ya mathadzi otsalawo, yothothoka nthenga, ina ili ndi zilonda.

"Bambo, wakupha nkhuku zanu ndi ameneyu. Mpeni uli kuti?"

A telala anapukuta mkono. "Ameneyu amalira nthawi imene amayi ako ankadzuka," anatero. "Akalira, ndimakhala ndikudikira kumva patapata zawo pakhonde."

Mwanayo anayang'ana kumbali. Za mpeni sanazitchulenso, koma anaumirira kuti aitane alangizi a ziweto tsiku lomwelo, khola lisanathe psiti.

Alangiziwo, mayi wamtali wa pa njinga yamoto, anafika masana. Anavala magolovesi, natembenuza thadzi lakufalo, kenaka analowa m'khola. Anaona chitosi chobiriwira pansi, ndi msoti wina ukuwodzera, mapiko ali lende. Anafunsa ngati panabwera nkhuku yachilendo posachedwa. A telala anavomera kuti anagula thadzi lamawangamawanga kumsika, chifukwa linkafanana ndi limene akazi awo ankalikonda. Analiphatikiza ndi zinzake madzulo omwewo, ndipo ndi limene linayamba kufa.

Alangizi anafotokoza kuti pakhomopo panali mavuto awiri osiyana. Zilonda zinali zochokera kwa Kapitawo ndithu. Tambala mmodzi amafuna mathadzi pafupifupi khumi, tsono akatsekeredwa malo opanikizika ndi ochepa, amawakwera mopitirira muyeso ndipo amalusa. Koma imfazo, malinga ndi zizindikiro, zinkaloza ku chitopa, matenda amene alibe mankhwala ochiza koma amapewedwa ndi katemera.

"Mukanamupha tambalayu, mukanadya nyama, nkhuku n'kumafabe," anatero alangizi. "Iyeyu ndikumudziwa. Akazi anu sankaphonya katemera. Ankabwera naye atamukulunga m'nsalu kuti asandijomphe."

A telala sanazidziwepo zimenezo. Zaka zonsezo ankaganiza kuti mayi ali ndi dzanja lamwayi chabe. Anafunsa alangizi kuti mayi ankati chiyani akabwera kumeneko, ndipo alangizi anaseka n'kunena kuti ankadandaula za mwamuna wosokera dziko lonse koma mkazi wake akuyenda ndi bulauzi yopanda batani. Mwana uja anaseka misozi ili m'maso. Bambo ake anaseka nawo, kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri.

Ntchito inayamba pomwepo. Anakumba dzenje lakuya n'kukwirira thadzi lakufalo, pakuti alangizi analetsa kulidya, kulipatsa agalu kapena kulitaya kudzala. Msoti wodwala anauika paokha. Anasesa khola, kuwotcha zinyalala, n'kutsuka zodyera ndi zomwera. Kapitawo anamumangira chipinda chake ndi matabwa otsala, ndipo alangizi anafupikitsa nsonga za zikhadabo zake zakumbuyo. Anachenjezanso kuti asagulitse kapena kugula nkhuku mpaka matendawo atadutsa, ndi kuti adziwitse anansi.

Msoti uja unafa, koma mathadzi atatu anapulumuka. Matenda atatha alangizi anabweranso kudzadonthezera katemera m'maso, ndipo anansi anabweretsa zawo. A telala anakulitsa mpanda kuti nkhuku ziziyenda momasuka. Misoti yatsopano imene anagula anaisunga padera milungu iwiri asanaiphatikize. Nthenga zinamera, zilonda zinapola, ndipo Kapitawo atabwezeredwa pakati pa mathadzi okwanira ukali unachepa. Mvula isanagwe, pabwalo panali anapiye.

Tsiku lina mnansi wawo, mmisiri wa njinga, anawapeza pakhonde la sitolo n'kuwadandaulira kuti nkhuku zake zikufa ndipo akukayikira kuti wina wazithirira poizoni. A telala anaimitsa makina.

"Achimwene, musaloze chala musanadziwe. Nkhuku ikafa mosadziwika bwino, ikwirireni, patulani zodwala, ndipo itanani alangizi tsiku lomwelo. Nkhuku yatsopano iyambe yakhala payokha, tambala akhale ndi mathadzi okwanira, katemera musamaphonye. Tiyeni ndikuperekezeni kwa alangizi, thalauzayi idikira."